ZA UMOYO M'BANJA: Mchere "Pang'ono" Ulibe Muyeso

Pali mau amene odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima ndi a impso amawamva nthawi iliyonse akapita kukalandira mankhwala: chepetsani mchere. Anamwino amawanena, adokotala amawabwereza, ndipo wodwala amavomera mwaulemu, n'kunyamula mapiritsi ake kubwerera ku Bwacha, ku Katondo kapena ku Makululu. Malangizo amenewa ndi oona, ndipo apulumutsa ambiri. Koma pofika pakhomo amakhala atasanduka liu limodzi lokha, lakuti "pang'ono", ndipo liu limeneli lilibe muyeso. Pang'ono wa agogo ndi wosiyana ndi pang'ono wa mdzukulu wao. Ngakhale dzanja limodzimodzilo limatapa mosiyana Lolemba ndi Lamulungu pamene kwafika alendo. Munthu yemwe wauzidwa bwinobwino kuti piritsi ndi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, pa nkhani ya mchere amangoyerekeza yekha.

Komatu muyeso ulipo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera wonse: wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa m'nsomba youma ndi uja wowaza pa mbale. Magalamu 5 sadzaza n'komwe kasupuni ka tiyi kosalazidwa pamwamba. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 anapeza kuti munthu wamkulu m'Zambia amadya magalamu oposa 9 pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi kawiri muyeso uja. Anapezanso kuti pa akulu asanu alionse, pafupifupi mmodzi magazi ake amathamanga mopitirira. Ambiri mwa iwo sadziwa, pakuti matendawa sapweteka poyamba.

Chimene mchere umachita m'thupi n'chosavuta kumva. Mu mchere muli sodiyamu, ndipo sodiyamu amakoka madzi. Akachuluka, thupi limasunga madzi ambiri, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo mtima umapopa molimbana ngati munthu wokankha wilibala pa chitunda. Impso ndizo zimasefa mchere wotsala, koma zikafooka zimalephera, madzi n'kuyamba kukhala m'mapazi, m'mimba ndi m'mapapo. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena ukatsekeka, ndiye sitiroko ija imene imagoneka bambo wa nyumba pa mphasa zaka zambiri, pakamwa patapotoka.

Anthu a mu Kabwe ali ndi chifukwa chinanso chosamalira impso zao. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka muno mu 1902, ndipo mgodi wa Broken Hill unagwira ntchito mpaka 1994. Fumbi lake likadali m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Zimene timamva kawirikawiri ndi za ana, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa mtovu umaononga ubongo wa mwana. Koma kwa munthu wamkulu, mtovu wokhalitsa m'thupi umavulaza impso ndiponso umakweza kuthamanga kwa magazi. Sitikunena kuti aliyense wa BP muno wadwala chifukwa cha mgodi, ayi. Tikunena kuti bambo amene anagwira ntchito yosungunula miyala, kapena mnyamata amene amakumba ku Black Mountain, angakhale ndi impso zimene zasenza kale katundu, ndipo mchere umaonjezera pa katunduyo. Dothi la tauni yonse banja limodzi silingalichotse. Mchere wa mu mphika wake lingauchepetse lero. Ndipo impso zikatheratu, makina osefa magazi amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zowerengeka, monga UTH ku Lusaka, ndipo wodwala amayenera kupitako kawiri kapena katatu pa sabata.

Tsono anthu anzeru m'maiko osiyanasiyana akhala akupanga zida zothandiza odwala kuyesa mchere. Ku Australia mu 2012 anatulutsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa FoodSwitch: munthu amaloza foni pa timizere ta pa paketi m'sitolo, foni n'kumuuza kuchuluka kwa mchere ndi kumusonyeza chakudya china chocheperako mchere. Ku Japan kuli tizida tooneka ngati cholembera toviika mu msuzi, ndipo mu 2024 kampani ya Kirin inayamba kugulitsa supuni ya magetsi imene imanyenga lilime kuti limve mchere woposa umene ulimo, pa mtengo wa ma yen 19,800. Zonsezi ndi luso ndithu. Koma zinapangidwira anthu amene mchere wao wambiri umachokera ku fakitale, m'zakudya zam'mapaketi ndi zam'zitini. Mulu wa kapenta pa msika ulibe timizere toloza foni. Kwa ife mchere wambiri umalowa pa mbaula, kuchokera m'dzanja la wophika.

Amene vuto lao linali lofanana ndi lathu ndi a ku China, kumenenso mchere umathiridwa kunyumba. Cha mu 2007 boma la mzinda wa Beijing linayamba kugawira mabanja kasupuni kotapa magalamu 2 okha. Chida chopepuka, chosafuna batire, chosafuna sukulu. Komabe ofufuza atayendera makomo anapeza kuti ambiri amene analandira kasupuniko sankakagwiritsa ntchito, ndipo ena ankakagwiritsa ntchito osadziwa kuti atape kangati. M'chigawo cha Shandong, pakati pa 2011 ndi 2016, kasupuni komweko anakaperekera limodzi ndi maphunziro m'midzi, m'masukulu ndi m'malo odyera, ndipo mchere umene anthu ankadya unatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kasupuni kanali kamodzimodzi. Kusiyana kunali pa amene anakalandira, ndi zimene anauzidwa polandira.

Apa ndi pamene wofuna kupanga chida cha mabanja athu ayenera kuyamba: kodi amathira mchere ndani? Kawirikawiri si wodwalayo. Bambo wa BP ndiye amamva malangizo ku chipatala, koma ophika ndi akazi ake, mwana wake wamkazi, mpongozi kapena wantchito, amene sanaliko. Ndipo mayi wophika ali ndi mbiri yake yoti aiteteze. Ndiwo zosakolera mchere kwathu kuno zimanena zambiri: kuti mkazi ndi waulesi, kuti sanalangidwe, kuti wakwiya. Mpongozi wongobwera kumene pa mudzi sangayerekeze kupereka kwa apongozi ake ndiwo zozizira, pokhapokha apongoziwo anene okha pakamwa pao. Choncho chida choyamba si supuni. Ndi kupita limodzi ku chipatala, wodwala ndi wophika, kuti onse awiri amve ndi makutu ao.

Pali chinanso chimene mabuku a zaumoyo ochokera kunja sangachidziwe. Mwa Achewa ndi mitundu ina yoyandikana nao, mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa mdulo. Amaitana mwana kuti athire. Mabanja ambiri, ngakhale opemphera, amasungabe mwambowu mwakachetechete, ndipo sitikuuweruza pa tsamba lino. Chimene tikuona n'chakuti pa mwezi umodzi manja othira mchere mu mphika umodzi amasinthasintha, ndipo ena mwa manjawo ndi a mwana wa zaka 8 amene amangokhuthula. Muyeso umene uli m'mutu mwa mayi yekha sungagwire ntchito masiku amenewo. Ndipo taonani zizindikiro zimene makolo ankati ndi za mdulo kapena tsempho: kutupa mapazi ndi nkhope, kutsokomola, kupweteka pa chifuwa, kuwonda. Zomwezi ndizo zimaoneka mtima kapena impso zikamalephera. Pali azimayi amene ananenedwa kuti adula amuna ao, pamene amunawo ankafunika mapiritsi okodzetsa ndi ndiwo zochepa mchere. Makolo sanalakwe poona kuti mchere ndi kutupa zimayenderana. Pamene anasochera ndi pofunsa kuti wathira ndani, m'malo mofunsa kuti wathira wochuluka bwanji. Munthu wotupa mapazi amene akulephera kupuma akagona chagada apite ku chipatala tsiku lomwelo. Milandu ya m'nyumba idzakambidwa atachira.

Chida chimene chimayankha zonsezi ndi kabotolo ka tsiku. Pezani kabotolo kakang'ono kouma, kokhala ndi chivundikiro. M'mawa uliwonse werengani akulu amene adye pakhomo, ndipo pa munthu aliyense thiranimo theka la kasupuni ka tiyi kosalazidwa, amene ali ngati magalamu 3. Ana awiri aang'ono muwawerenge ngati wamkulu mmodzi. Mchere wa m'kabotolomo ndiwo wa tsiku lonse, masana ndi madzulo, ndipo ukatha watha. Paketi yaikulu ikakhale kutali ndi pophikira. Magalamu 2 otsala pa muyeso wa WHO tawasiyira buledi, nsomba ndi zina zimene zimabwera ndi mchere wao. Ubwino wa kabotolo ndi wakuti kuyesa kumachitika kamodzi, m'mawa, mtima uli m'malo, osati pamene mphika ukuwira, mwana akulira ndipo nsima ikupserera. Aliyense angathire, mayi, mwana kapena mlendo, koma sangapitirire chimene chilimo. Kasupuniko kamangirireni ndi kachingwe ku paketi, chifukwa supuni yosamangirira imathera mu kapu ya tiyi. Mchere wa mibulu ndi wosalala sulemera mofanana mu supuni, motero ndi bwino kusinja wa mibuluwo musanayese. Amisiri amene amasula mbaula ndi zidebe m'misika yathu angathe kupanga timiyeso totere tambirimbiri ndi zidutswa za malata, atapatsidwa kamodzi kokha koyesedwa pa sikelo ya ku famasi.

Chida chachiwiri chili kale pa khoma: kalendala. Tsiku limene mwatsegula paketi ya mchere, lembani chizindikiro. Banja la akulu 6 lothira magalamu 3 pa munthu limatha magalamu 18 pa tsiku, ndiye kuti paketi ya magalamu 500 iyenera kukhala masiku 27 kapena 28. Ikatha m'masiku 16 kapena 17, mwafika kale pa magalamu 5 musanawerengere buledi. Ikatha m'masiku 10, muli pomwe kafukufuku wa 2017 anatipeza. Kalendala sanama ndipo sakondera. Amene amagula mchere wa m'timapepala pa kantemba azikhuthulira onse m'botolo limodzi, n'kulemba mzere pamene mchere wafika Lamulungu lililonse. Musaiwale kuchotsera umene mnansi wabwereka. Mchere ndiwo chinthu chobwerekedwa koposa zonse m'makomboni mwathu.

Nanga wodwala azidya mphika wake? Ena amatero, koma makala ndi odula, ndipo munthu wodyera pambali amadziona ngati wosalidwa, n'kuyamba kubisa kapepala ka mchere m'thumba. Masiku oyamba mukhoza kumupatulira ndiwo musanathire mchere. Koma njira yokhalitsa ndi yakuti mphika wonse utsike pang'onopang'ono, pakuti ana a munthu wa BP nawonso amakhala pafupi ndi matendawa. Lilime limaphunzira. Pakapita masabata angapo, ndiwo zimene poyamba zinkamveka zozizira zimayamba kukoma, ndipo za kwa anansi zimayamba kuwawa. Masabata oyambawo ndi pamene ambiri amagonja, choncho muzithandize ndiwozo ndi anyezi wokazinga bwino, matimati akupsa, adyo, tsabola, mandimu ndi nsinjiro. Thirani mchere ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, mutalawa. Ndipo kambale ka mchere kachoke pa tebulo: chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Kabotolo sikaona mchere wobisala, ndipo uwu ndi wochuluka kuposa mmene timaganizira. Soda wa m'sitolo amene timafewetsera delele ndi chibwabwa, kapena kuphikira chikanda, ali ndi sodiyamu yemweyo ngakhale samveka mchere pa lilime. Chimodzimodzi mankhwala ena othetsa kutentha pa mtima amene amachita thovu m'madzi. Kapenta wa ku Siavonga amathiridwa mchere asanayanikidwe. Mviikeni m'madzi, tayani madziwo, ndipo mu mphikamo musathirenso wina. Nsomba ya ku Lukanga ikakhala yaiwisi kapena yongowamba pa utsi imaposa yokoleza mchere. Timabulu ndi ufa wokometsera msuzi, monga Royco, ndi mchere wovala zovala: tsiku limene mwathira zimenezi, kabotolo kapume. Poloni, soseji, kapaketi ka m'kati mwa manudozi ndi ka m'nyama ya soya, tchipisi ta ana, mtedza wokazinga ndi mchere, mango aawisi oviika mu mchere ndi tsabola, ndi michopo imene abambo amadya madzulo pobwerera kunyumba, zonsezi zimalowa m'magazi omwewo.

Pa zam'mapaketi, phunzirani kasamu kamodzi. Kumbuyo kwa paketi amalemba sodium pa magalamu 100 alionse. Chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere: mamiligalamu 400 a sodiyamu ndi galamu imodzi ya mchere. Chakudya chopitirira mamiligalamu 600 pa magalamu 100 ndi cha mchere wambiri. Zilembozo zimakhala zazing'ono kwambiri, ndipo apa mdzukulu wa pa sukulu ali ndi ntchito. Ku South Africa, kumene kumachokera zambiri za m'masitolo athu akuluakulu, boma linakhazikitsa malire a mchere mu buledi, masoseji ndi zokometsera msuzi, amene anayamba kugwira ntchito mu 2016 n'kukhwimitsidwa mu 2019. Lamulo lotere limathandiza ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga.

Tinenepo za mchere wina umene ena ayamba kuumva, wosakaniza ndi potaziyamu. Mu 2021 zinatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa m'midzi 600 ya ku China, wa anthu pafupifupi 21,000, ambiri a iwo odwala BP kapena amene anagwapo sitiroko. Theka la midziyo linapatsidwa mchere umene gawo limodzi mwa anayi linali potaziyamu. Patapita zaka pafupifupi zisanu, sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 alionse, ndipo imfa zinachepa ndi 12 pa 100. Mu 2025 WHO inavomereza mchere wotere kwa akulu. Koma mverani bwino, makamaka inu a mu Kabwe. Odwala impso kwambiri sanalowetsedwe m'kafukufukuyo, ndipo malangizo a WHO sakhudza iwo, amayi oyembekezera ndi ana. Impso zofooka sizitulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amaimitsa mtima popanda chenjezo. Mapiritsi ena a BP ndi a mtima, monga enalapril, losartan ndi spironolactone, amasunganso potaziyamu m'thupi. Musagule mchere umenewu musanayezetse impso ndi kufunsa adokotala. Chenjezo lomweli lifike kwa amene asiya soda n'kubwerera ku chidulo: madzi a phulusa ali ndi potaziyamu wambiri, ndipo wodwala impso sayenera kuwayesa mankhwala.

Kuchepetsa sikusiyiratu. Thupi limafuna mchere wochepa, ndipo mchere wogulitsidwa m'masitolo uli ndi ayodini amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana ali m'mimba. Wodwala akatsegula m'mimba kapena akamasanza amwe madzi a ORS monga mwa nthawi zonse, ndipo apite ku chipatala kuti akaone za mapiritsi ake. Kuchepetsa mchere sikulowa m'malo mwa mankhwala. Kumathandiza mankhwala kugwira bwino ntchito.

Ana tawatchula kawiri, ndipo sikuti mwangozi. Mu 2013, m'masukulu a pulayimale a mzinda wa Changzhi ku China, ana anaphunzitsidwa za mchere kwa teremu imodzi ndi kutumidwa kukauza makolo ao. Mchere wa anawo unatsika ndi magalamu pafupifupi 2 pa tsiku, wa akulu a kwao ndi magalamu pafupifupi 3. Mwana amanena zimene mkazi sangauze mwamuna wake. Mpatseni ntchito ya kalendala, ndipo mudzaona mmene adzaigwirire mwansanje.

Chimene banja lokha silingathe ndi mphika wa pa gulu. Pa maliro, pa ukwati ndi pa chikondwerero cha parishi, ndiwo zimaphikidwa m'mapoto aakulu, ndipo mchere umathiridwa ndi kapu, nthawi zina ndi anthu awiri osauzana. Odya ambiri pa maliro ndi achikulire, amene amagona pamenepo masiku atatu, ena ataiwala mapiritsi kunyumba. Amayi a mabungwe athu, amene ndiwo amagwira mthiko pa zochitika zimenezi, angathe kugwirizana kuti wothira mchere akhale mmodzi, ndi kuti poto mmodzi azikhala wochepa mchere, wodziwika kwa onse, kuti wodwala asachite manyazi kupempha. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali pa chimake, anali amayi ndi abambo a m'miphakati amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa ndi kudyetsa odwala. Njira zimenezo zikadalipo. Mphakati umodzi ukhoza kusonkherana kamakina kamodzi koyezera BP ndi sikelo imodzi, n'kupempha namwino wa m'parishi momwemo kuti aphunzitse anthu awiri kagwiritsidwe kake. Nambala zikamakhala 140 pa 90 kapena kupitirira masiku osiyanasiyana, munthuyo aperekezedwe ku kiliniki. Wodwala mtima akalemera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, si kunenepa kumeneko, ndi madzi, ndipo asadikire tsiku lake lobwerera.

Zonsezi zilembedwe m'kope limodzi la sukulu: tsiku, nambala za BP, kulemera kwa thupi, ndi masiku amene paketi ya mchere yakhala. Osatha kulemba azijambula kamzere tsiku lililonse, mtanda pa tsiku limene paketi yatha. Pa tsiku lokaonana ndi adokotala ku Kabwe Central kapena ku kiliniki ya kwanu, nyamulani kopelo, mapiritsi onse amene mukumwa kuphatikizapo a zitsamba ndi ogula pa kantemba, ndi kabotolo kaja kuti anamwino akaone ndi maso. Wophika asatsale.